Batire la Boti la Lawson

Tecla ankalidziwa batire lija kuposa mmene ankamudziwira mwamuna wake, ndipo sikuti ndikunena mwano. Mwamunayo, Lawson, anali atatha chaka ndi miyezi iwiri ali ku Joni. Batire lokha ndilo linali pakhomo ku Mbare, kuseri kwa chitseko, litakhala pa thabwa ngati mlendo wolemekezeka.

Linali la boti. Lawson ankapha nsomba ku damu la Chivero, ndipo petulo atasowa dziko lonse anakokera boti kumtunda, kulifunditsa tenti, n'kubwera ndi batire kunyumba. Tsiku lonyamuka sananene kanthu za ana kapena za denga lodontha. Anangonjuta pambali pa batire n'kuyamba kupereka malamulo. Lisakhale pa simenti. Lisaombedwe ndi dzuwa. Mwezi uliwonse lizitchajidwa ngakhale silikugwira ntchito, chifukwa batire longokhala limafa lokha mwakachetechete. Madzi akatsika m'zibowo zake zisanu ndi chimodzi, azithiramo oyera okhaokha, osati a pampopi kapena a pachitsime.

"Ukalisunga lamoyo, tsiku lomwe ndidzabwere tidzangolumikiza mawaya n'kulowa m'madzi," anatero.

Pa zonsezo Tecla anatolapo chimodzi, chakuti mwamuna wake adzabwera. Batire likakhala lamoyo, ndiye kuti banja lake lilipo.

Kutchaja n'kosavuta pakamwa. Chaka cha 2008 magetsi ku Mbare ankatha masiku anayi osaoneka, ndipo akabwera ankathimanso madzi a tiyi asanawire. Choncho mwezi uliwonse Tecla ankakweza batire pa wilibala, kulifunditsa chiguduli, n'kukankha mpaka ku Graniteside, dera la mafakitale. Kumeneko mlonda wina wa mpingo wawo ankalilowetsa mozemba pa fakitale yomwe inali ndi jenereta. Iye ankatandala panja pa geti tsiku lathunthu, m'mimba muli pululu. Anzake ankaima pa mizere ya buledi ndi shuga, iye akudikira kuti chibokosi chakuda chikhute. Pobwerera msana unkachita kuyaka, ndipo njira yonse ankatukwana chamumtima: petulo, Joni, nsomba, ndi amene anayambitsa zoti maboti aziyendera injini.

Madzi ndiwo anali mutu wina. Sitolo zopanda ngakhale mchere zikanakhala ndi madzi a batire? Mvula ikayamba ankathamangira panja ndi beseni la pulasitiki, kuliika pakati pa bwalo kutali ndi denga, kenako n'kusefa madziwo ndi kansalu koyera. Mipopi itauma ndipo kolera atalowa m'mizere ya nyumba, botolo la madziwo ankalibisa pansi pa bedi. Zinkamuchititsa manyazi, koma ankalibisabe.

Mlamu wake Adelaide, mlongo wa Lawson, ankakhala nawo nyumba yomweyo, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Tsiku lina anamupeza Tecla akupala zoyera zomwe zinamera pa mitu ya batire, n'kupakapo vaselini.

"Maiguru, inu zikuyenda koma?" anafunsa Adelaide, yemwe ankamuitana choncho poti anali mkazi wa achimwene ake. "Ana miyendo yachita kutuwa, vaselini mukudzoza batire. Aneba akutchajitsa mafoni ndi lawo, akupeza kaufa. Ife tili ndi magetsi m'nyumba muno, koma tikungowayang'ana."

"Ndi la boti," anayankha Tecla. "Likamatsitsidwa tsiku ndi tsiku limatha mphamvu."

"Boti lake liti? Achimwene anaimba liti komaliza?"

Tecla anapsa mtima, makamaka chifukwa funsolo linali loona. Miyezi yoyambirira Lawson ankaimba Lamlungu lililonse, n'kufunsa za batire asanafunse za ana. Kenako mafoni anayamba kutalikirana, mpaka anangoti zii. Tecla anabwerera ku batire lija. Anatseka zibowo chimodzichimodzi, n'kumanga mwamphamvu mpaka zala kuwawa.

Chaka chitatembenuka, petulo anayamba kupezekanso. Loweruka lina m'mawa pakhomo panamveka odi. Anali a Alufandika, bambo wachikulire yemwe ankapha nsomba ndi Lawson ku Chivero. Tecla anawalonjera mwachangu. Anawapatsa mpando, n'kukhala pansi akudikira uthenga wa mwamuna wake. Bamboyo anafunsa za ana, za matenda, za mvula, chipewa akungochizunguza m'manja.

"Mayi, ine ndabwerera batire," anatero pomaliza. "Kodi a Lawson sanakuuzeni? Boti lija anandigulitsa pa foni chaka chatha, ndi zonse zake. Maukonde, injini, batire."

"Chaka chatha liti?"

"Chisanu chisanayambe. Ndimangodikira petulo. Iwo anati batirelo mwina linafa kalekale, poti inu simukanalimba nazo. Anati ndingotenga chigobacho."

Tecla anawerenga miyezi chamumtima. Maulendo khumi a ku Graniteside anali atayendera boti la munthu wina.

Tecla anatulutsa batire lija panja. A Alufandika anatenga kawaya m'thumba, kugunditsa mitu iwiri ija, ndipo moto unathetheka mpaka iwo anabweza dzanja.

"Ndi lamoyo ndithu," anatero modabwa. "Ngati latsopano. Mabatire a anzathu onse anafa. Mwalisunga bwanji, mayi?"

Tecla anali ndi funso lake.

"Nanga za kubwera ananena chiyani?"

Bamboyo anabweza kawaya m'thumba.

"Anati za nsomba anathana nazo. Za kuno sananene kanthu."

Panalibenso chofunsa. A Alufandika anawerama kuti anyamule batire, koma linawalemera, n'kupendekeka, asidi kutsala pang'ono kutayika. Tecla anawakankhira pambali mosawapatsa ulemu n'komwe. Analinyamula yekha mpaka kumsewu, chifukwa pogwira pake ankapadziwa ndi iye.