Zinyenyeswa Sitigulitsa

"Zaka makumi anayi, Noreen. Zaka makumi anayi ndikudikira mawu amodzi okha. Pepani. Kodi ndi olemera mawu amenewo? Amafuna ngolo?"

Glenda wa kwa Hepple ankalankhula uku mpeni ukuyenda. Ankadula nsomba osayang'ana n'komwe, manja ankadziwa okha. Noreen, amene anaima naye pakauntala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ankapinda mapepala okulungira. Nkhaniyi anali ataimva mpaka kuiloweza.

"Lero ndi tsiku lomaliza, mayi iwe. Sungamusiye Alwyn tsiku limodzi lokha?"

"Ndimusiye? Mlongo wanga wa bere limodzi ameneyo. Ali ndi mlandu kwa ine, kwa malemu amuna anga, kwa amayi kumanda uko. Ndalama zake sindikuzifuna, adye yekha. Abwere, aime apo, avule chipewa, anene. Akanena ndimukazingira nsomba yaikulu. Akapanda kunena, khomo ndi ilo."

"Nanga akudziwa kuti tikutseka?"

"Zinatuluka m'nyuzipepala. Kuwerenga amatha. Si ndiye anapita kusukulu, ine ndikusenda mbatatesi?"

Linali Lachisanu, tsiku la nsomba. Shopu ya tchipisi ya kwa Hepple inatsegulidwa mu 1936, agogo ake a Glenda, a Septimus, atasiya mwendo m'mgodi wa malasha n'kuona kuti ana sangadye ndodo yoyendera. Anagwetsa khoma la pabalaza, namanga chitofu cha malasha cha ziwaya zitatu. Chitofu chake n'chomwecho mpaka lero. Mafuta ndi a ng'ombe, osati madzimadzi a m'zigubu awa. Atapita agogo, shopuyo anaitenga amayi ake, a Edna, kenako Glenda. Pambuyo pa Glenda panalibe wina. Ana ake awiri ankati fungo la mafuta silichoka m'tsitsi. Nsomba inakwera mtengo, malasha anayamba kusowa, mawondo a Glenda anakana. Nyumbayo anaigula munthu wa ku mzinda wa Durham woti aigawe zipinda za lendi. Basi.

Potsegula chitseko hafu leveni, mzere unali utafika kale kutchalitchi. Anabwera ndi anthu oti anasamuka kalekale, ena atanyamula zidzukulu kudzazionetsa malo. A ku laibulale anali atakhoma zithunzi zakale pakhoma, n'kusiya buku pawindo loti aliyense alembemo zimene akukumbuka.

Woyamba kulowa anali a Wilf, nkhalamba ya kumgodi ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi.

"Tchipisi chachepa masiku ano, Glenda. Amayi ako ankathira mpaka pepala kung'ambika."

"Mano mulibe, achikulire. Chambiri mukufuna cha chiyani, muzikachiyang'ana?"

"Pakamwa pako mpamene pathamangitsa makasitomala."

"Nanga inu bwanji simunathawe? Zaka zonsezi ndikuyesetsa."

Mzere unaseka. A Wilf anatenga phukusi lawo, nakatsamira khoma, n'kuyamba kudyera pomwepo. Kunyumba kunalibe wowadikira.

"Inu ana simukudziwa kanthu," anatero akuloza ndi tchipisi. "Pakona apo ndi pamene ndinafunsirira malemu akazi anga. Anandiyankha pakamwa pali podzaza, mpaka lero sindikudziwa ngati anavomera. Ndipo ndinalipo tsiku limene a Edna anamenya chidakwa ndi nsomba yaiwisi kumaso. Atatha anaitsuka, naikazinga, n'kumugulitsa yemweyo."

"Bodza," anatero Glenda. "Sanaitsuke."

Mayi wina anakumbuka chaka cha chigumula, pamene shopu yokhayi ndi imene inali ndi moto m'mudzi monse. Wina anakumbuka akuwerenga zigoli za mpira panyuzipepala yonyowa mafuta. Koma onse, aliyense amene anakulira kuno, ankathera pa zinyenyeswa. Nsomba ukaiviika m'phala la ufa n'kuiponya m'chiwaya, tizidutswa ta phalalo timagwa n'kukazingika patokha. Timeneto amatiwola n'kutiunjika m'thireyi kuseri kwa galasi. Sitigulitsidwa. Mwana akalowa n'kupempha, umamuthira m'pepala, mchere pang'ono, azipita. A Septimus anayamba choncho, ndipo palibe anasinthapo.

"Chaka cha sitiraka ana athu anakhalira moyo zimenezo," anatero a Wilf. Kuseka kunachepa.

Glenda anatembenukira kuchiwaya. Chaka chimenecho sankafuna wina amukumbutse, ankachidziwa yekha. Mu 1984 mgodi unaima chaka chathunthu. A Edna analamula kuti Lachisanu lililonse mwana wa munthu wonyanyala ntchito azilandira tchipisi ndi zinyenyeswa ulere. Amuna a Glenda, a Ken, anamangidwa pachipata cha mgodi, nachotsedwa ntchito, osalembedwanso pena paliponse mpaka imfa. Alwyn anapirira miyezi khumi. Mu Januwale, chisanu chitalowa m'mafupa, anakwera basi ya mawaya m'mawindo n'kubwerera kuntchito, apolisi akumuperekeza. Tsiku lomwelo a Edna anachotsa chithunzi chake pakhoma. Kuno munthu wogulitsa anzake sapatsidwa moni, sametedwa, sakazingiridwa nsomba. Sitiraka itatha Alwyn anasamukira kum'mwera ndi banja lake. Pamaliro a amayi ake sanaoneke. Panalibenso anamuitana.

Wani koloko itadutsa, pakauntala panafika mayi wina wa jasi labwino, tsitsi layamba imvi.

"Nsomba imodzi ndi tchipisi."

"Mchere ndi viniga?" anafunsa Noreen.

"Zonse."

Kalankhulidwe kanali ka kum'mwera. Glenda anacheuka, chipande chowolera chili m'manja. Anayang'ana mphuno, nayang'ana chibwano. Chibwano chimenecho ankachiona pagalasi m'mawa uliwonse.

"Ndiwe wa ndani iwe?"

"Mukundidziwa, azakhali."

A Wilf anasiya kutafuna.

"Lorraine," anatero Glenda. Anali mwana woyamba wa Alwyn. Pakamwa pa Glenda panatsogola monga mwa nthawi zonse. "Wakutuma? Ali m'galimoto panjapo? Kamuuze atsike yekha. Nsomba yanga siyenda pamthenga."

"Sanganditume. Tinawaika mwezi watha. Mapapo."

Glenda anatsitsa chipande pang'onopang'ono.

"Mwezi watha. Osandiuza?"

"Anati tisauze munthu wa kuno. Anati tingakuvutitseni, muziganiza kuti mubwere kapena ayi."

"Ndikanabwera."

Glenda mwiniwake sanadziwe ngati wanena zoona.

"Anaona m'nyuzipepala kuti mukutseka," anatero Lorraine. "Anadula kapepalako n'kukaika pambali pa bedi. Ankati tsiku lomaliza ndidzawabweretse, adzaime pamzere ngati wina aliyense. Sanafike. Ndiye ndabwera ine."

Glenda anatsamira pakauntala ndi manja onse awiri.

"Amadzanena chiyani akafika apa?"

"Nsomba imodzi ndi tchipisi."

"Usandiseweretse, mwana iwe. Anasiya mawu? A ine?"

"Ndinawafunsa. Ndinati, adadi, mukakafika mukapepesa? Anati ayi."

"Anati chiyani?"

"Anati ayi, azakhali. Anati mwana wawo Dean, mlongo wanga, anali ndi chibayo, m'nyumba munalibe malasha, tinali titawotcha mpanda wonse ndi chitseko cha kuchipinda. Anati chaka chimenecho chitabweranso, basi ija angaikwerenso."

"Ana a tonse anali ndi njala," anatero a Wilf kukhoma kuja, osakweza mawu. "Ife sitinakwere."

"Ndikudziwa, achikulire. Ndamva zimenezo moyo wanga wonse."

Noreen, amene sankapirira phokoso, anathamangira kudzaza mpatawo.

"Pepa, mwana wanga, pepa ndithu. Taona, pawindo apo pali buku. Aliyense akulembamo zimene akukumbuka. Iwenso unabadwira kuno, kalembemo kanthu."

"Chimene ndikukumbuka ndili nacho. Sindilemba, ndingonena." Lorraine sanachotse maso pa Glenda. "Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Linali Lachisanu, milungu itatu adadi atabwerera kuntchito. Kusukulu palibe ankakhala nane. Koma ndinati kwa agogo ndi kwathu, sangandithamangitse. Ndinaima pamzere ndi ana anzanga. Nditafika apa ndinati, azakhali, zinyenyeswa. Inu munati zatha."

Glenda anayang'ana thireyi ya zinyenyeswa.

"Thireyi inali yodzaza. Ndinkaiona pagalasipa, ndi pamene maso anga ankafika. Tracey wa m'kalasi mwathu anali kumbuyo kwanga, munamuthira kawiri. Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa tchalitchi mpaka nkhope itauma. Kunyumba ndinanena kuti ndadya. Adadi amwalira osadziwa."

Glenda ankakumbuka. Kachipewa kofiira, mamina, zala zogwira m'mphepete mwa kauntala. Anafuna kunena kuti analamula ndi amayi. Koma tsiku limenelo amayi anali kuchipinda cham'mwamba, akudwala mutu. Pakauntala anali yekha.

Anapita kuthabwa, nasankha nsomba yaikulu kuposa zonse, ija anaipatula m'mawa osauza Noreen chifukwa chake. Anaiviika m'phala, naitsitsira m'mafuta, n'kuima pomwepo mpaka inayandama yofiirira. Anathira tchipisi mpaka pepala kufuna kung'ambika. Kenako anatenga pepala lina, nawola zinyenyeswa. Kamodzi, kawiri, katatu. Anawaza mchere, nakulunga, n'kuika pamwamba pa phukusi lija.

"Tenga. Zonse. Palibe cholipira."

Lorraine anagunditsa khadi lake la kubanki pamakina olipirira Noreen asanawachotse. Atatero anatsegula kachikwama, natulutsa paundi imodzi yachitsulo, n'kuiika pakauntala.

"Imeneyo ya chiyani?"

"Ya zinyenyeswa."

Wina pamzere anapumira m'mwamba. A Wilf anayang'ana pansi.

"Zinyenyeswa sitigulitsa," anatero Glenda. "Chiyambire agogo anga sitinagulitsepo. Chotsa ndalama yakoyo."

"Zaulere ndi za ana a kuno. Ine ndabwera kudzagula."

"Ndiwe wa kuno! Chibwano icho n'cha ndani?"

"Tsiku lija ndinalinso nacho."

Glenda anali mayi woti sanapemphepo kanthu kwa munthu. Ogulitsa nsomba ankamuopa, wa malasha ankatsitsa mtengo asanatsegule n'komwe pakamwa. Koma apa mawu anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina.

"Lorraine. Mwana wa mlongo wanga. Tenga ndalamayi, chonde. Khala pansi, udyere pompano. Undiuze kumene munamuika."

Lorraine ananyamula maphukusi awiriwo, nawakumbatira pachifuwa. Maso anali ofiira.

"Tsalani bwino, mayi."

Anthu anamupatukira. Anatuluka, nadutsa mzere wonse mpaka kutchalitchi, osacheuka.

Paundi ija inatsala pakauntala. Noreen sanaikhudze. Bambo amene anali wotsatira anaimirira patali nayo ngati ikutentha. Pomaliza Glenda anaitola, napita nayo kumakina a ndalama. Anayang'ana mabatani. Nsomba. Tchipisi. Soseji. Nsawawa. Zakumwa. Chala chake chinayenda mpaka kumapeto, n'kubwereranso. Batani la zinyenyeswa panalibe.

"Glenda," anatero Noreen. "Nsomba zikupserera."

Utsi unali utayamba kukwera kuchiwaya chapakati. Glenda anauyang'ana, chibakera chili chofumbata ndalama ija. Ndi dzanja limodzi nsomba siwoleka.

Noreen anachoka pakauntala, natola chipande. Zaka zonse zija anali asanaloledwepo kuima pachiwaya. Glenda anamusiyira malo. Analowa kuchipinda chakumbuyo, nakhala pathumba la mbatatesi, epuloni ili m'thupi, n'kumamva Noreen akufunsa wotsatira ngati akufuna mchere ndi viniga.