Chipilala m'Munda wa Elenala

Elenala anafika kudambo n'kupeza dzenje litakumbidwa kale pakati pa munda wake wa mpunga. Amuna awiri ankasakaniza simenti. Mlongo wake Wilisoni, wapampando wa komiti yoteteza dambo, anaima pambali atavala tisheti yojambulidwa mbalame.

"Achimwene, mukuika maliro a ndani m'munda mwanga?"

"Ndi chipilala cha malire ichi, achemwali. Kuyambira pano mpaka kunyanja ndi malo otetezedwa. Kulima ayi, kutchera mbalame ayi."

Munali mu 1997, madzi a Chilwa atangobwerera nyanja itauma. Elenala anali wamasiye, ndipo ana ake anayi anapulumuka njala ya nthawi imeneyo ndi mizu yokumba m'matope. Chaka chimenecho ndiye ankati apumeko.

"Agogo athu atathawa thangata kuesiteti anauzidwa kuti phiri ndi la boma, asadulemo mtengo," anatero Elenala. "Anatsikira kuno ku udzudzu chifukwa kunalibe wokufuna. Lero matope omwewa akoma?"

"A pulojekiti amene anakhazikitsa komiti yathuyi akuti mbalame zina zimachokera ku Ulaya kudzapuma m'mabango muno."

"Zapeza malo msanga. Ife tabadwira pano, koma pepala la malo sitinalionepo."

Wilisoni anatulutsa pepala m'thumba, pamodzi ndi kabokosi ka inki. Panali zidindo za zala zambiri, zotsimikiza kuti anthu a m'mudzi apereka dambo mwa kufuna kwawo.

"Mwatsala inu nokha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, achemwali."

"Koma munda chimagulitsa."

Elenala sanadinde. Patapita sabata, pamsonkhano wa pabwalo la sukulu, mlendo wa pulojekiti, wobwera pa galimoto yoyera, anawerenga maina a ovomereza. La Elenala linalipo, chala chodinda chili pambali pake. Iye anayang'ana mlongo wake, koma Wilisoni ankakonza tcheni cha njinga yatsopano imene komiti inam'patsa.

Dzinja limenelo Elenala ankalawirira kukaokera mpunga m'minda ya anzake, n'kumabwerera ndi kambale ka ufa. Njira inkadutsa pamunda wake. Mabango anaumeza m'miyezi itatu. Mwana wake wamkulu, Dorothy, anasiya sukulu n'kupita ku Kachulu kukayanika matemba a eni.

Patatha zaka ziwiri galimoto yoyera inaleka kubwera. Komiti inangofa yokha, koma dambo linali litalembedwa kale m'mabuku a boma, ndipo wolowamo ndi khasu a boma ankamulanda khasulo. Munda wa Wilisoni wakumtunda unakokoloka ndi madzi, ndipo m'mawa wina iye anatulukira kwa mlongo wake atanyamula kathumba kopanda kanthu.

"Achemwali, mbewu ya mpunga wonunkhira ija amayi anakusiyirani, mungandigawireko pang'ono?"

Elenala anapitiriza kusesa pakhonde. Sanamuyalire mphasa.

"Ndinaisunga chaka chathunthu, kudikira kuti mubwere mudzazule chipilala chanu," anatero. "Kenako tinaikonola n'kudya."