Maondo a Jessy

Amayi ake atamuimbira foni kuti, "Ubwere Loweruka, buku lako talimaliza," Ennie anadziwa kuti mlandu wapsa. Linali buku lake loyamba, ndipo ankadzitonthoza kuti n'lachizungu, amayi sangalifike. Anaiwala za a Matilda, mnzawo wa m'Chigwirizano, mphunzitsi wopuma amene sakana kuwerengera munthu chilichonse.

M'basi yochoka ku Kitwe kupita ku Ndola, Ennie ankayeseza mawu opepesa. Mtsikana wa m'bukumo anamutcha Unity, koma aliyense wa kwawo ku Mushili akanamuzindikira. Anali Jessy, mng'ono wake, amene anamwalira ndi malungo aakulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Chiikireni maliro, dzina lake silinatchulidwenso pakhomopo. Zithunzi zake zinalowa m'sutikesi, ndipo zaka khumi zinadutsa choncho.

Chomwe ankaopa kwambiri chinali chinsinsi chija. Lachitatu lililonse Jessy ankatuluka ndi buku la nyimbo, ati akupita kukwaya. Kuseri kwa msika ankavula chitenje, n'kutsala ndi kabudula wakale wa atate awo, n'kukaima pagolo pa timu ya anyamata. Wosunga buku la nyimbolo anali Ennie. Analumbira kuti sadzaulula, kenako anaulula m'masamba mazana awiri.

Anawapeza amayi ake pakhonde akusankha nyemba. Bukulo linali pampando, atalikuta ndi nyuzipepala ngati la kusukulu.

"Khala pansi, wolemba," anatero.

"Amama, ndinkafuna kukuuzani kale..."

"Wanama m'bukumu."

"Ndi nkhani yopeka chabe, amama. Unity uja si..."

"Unity, Unity! Ndinabereka ana angati oima pagolo ine? Walemba kuti anyamata a ku Itawa anamumwetsa zigoli zitatu. Zinali thuu. Chachitatu woimbira mpira anachikana."

Ennie anawayang'ana kukamwa kuli yasa. "Mwadziwa bwanji?"

"Ndinali pa shedi ya amake Terence, kuseri kwa matumba a makala. Lachitatu lililonse ndinkapita kukagula tomato pomwe wina ali m'nyumba."

"Ndiye kuti munkadziwa?"

"Iwe, ndi kwaya yanji imene munthu amabwerako atanyuka maondo? Masokosi ofiira ndi fumbi aja ankachapa ndani, mngelo?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati ndadziwa, ndikanayenera kumuletsa. Atate ako anali mkulu wa mpingo." Anatola kamwala m'nyembamo n'kukaponya pabwalo. "Koma Jessy ankauluka, mwana uja. Ngati mphaka."

Dzinalo linatuluka bwinobwino, ndipo denga silinagwe. Ennie anazindikira kuti chikwerereni basi wakhala akufinya chikwama pamimba. Anachiika pansi.

"Akadzalisindikizanso ukonze," amayi ake anapitiriza. "Thuu. Ndipo mayi wa m'bukumo wamupusitsa kwambiri. A Matilda ankati akawerenga pang'ono, n'kundiyang'ana, n'kuyamba kutsokomola."

"Pepani, amama."

"Pepani wakoyo sasankha nyemba." Anamukankhira lichero n'kudzuka, atagwira m'chiuno. "Ndikatenge sutikesi. Muli chithunzi china cha pa Isitala, wavala yunifolomu ya kwaya, koma bondo likuoneka. Uone wekha ngati limenelo ndi bondo la woimba."