Matope Atafiira pa Maiwe a Nemesia

Nemesia Huarachi anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa maiwe oyeretsera madzi a chigayo cha miyala ya zinki, kumunsi kwa mzinda wa kumapiri wa Potosí. Madzi ankachoka m'chigayomo ali aukali, odzaza zitsulo, n'kudutsa m'maiwe atatu asanalowe mumtsinje. Pansi pa maiwewo panali matope akuda bii, osakaniza ndi udzu komanso ndowe za malama, ziweto za kumeneko zonga ngamila zazing'ono, ndipo m'menemo munkakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikamadya ndowezo tinkatulutsa mpweya wonunkha ngati mazira owola, umene unkagwira zitsulo n'kuzimiza pansi. Nemesia ndiye ankatidyetsa ndi kuyeza madzi m'mawa uliwonse. Anzake ankamuseka kuti ndi mbusa wa ziweto zomwe sanazionepo.

Lachiwiri lina anabwerera kuntchito atakhala masiku atatu ku ubatizo wa mdzukulu wake. Atafika pa dziwe loyamba anaima, masamba otafuna a chitsamba cha koka ali m'kamwa. Fungo lija kunalibe. Anapisa ndodo pansi, ndipo inatuluka ndi matope ofiira ngati dzimbiri. Dziwe lachiwiri chimodzimodzi.

Anakwera kuchigayo n'kupeza kapitawo, Wilfredo Arancibia, akumwa tiyi.

"Bwana, mwathira chiyani m'madzi? Ziweto zanga zatha."

"Zatha? Mitembo yake mwaiona, mayi?" anaseka Wilfredo. Ataona nkhope ya Nemesia anatsitsa mawu. "Kuyambira Loweruka tikugaya miyala ya kumgodi watsopano. Ndi yaukali pang'ono. Tizolowera tizilombo tanuto."

"Tizolowera titafa? Madzi achilendo amalowetsa pang'onopang'ono, inu mukudziwa. Imitsani chigayo."

"Anthu makumi asanu ndi limodzi akadye chiyani? Mkamwini wanu yemwe ali m'gulumo. Thirani ndowe zambiri, musatisokose."

Nemesia anatsikira ku maiwe. Pa chipata cha dziwe lachitatu madzi ankathamangira kumtsinje ali mbee, ooneka bwino, koma choyezera chinasonyeza kuti ndi oopsa. Anadziwa kuti akatseka, maiwe adzaza dzuwa lisanalowe ndipo chigayo chiima, afune asafune. Anapotokola chitsulo chotsekera mpaka madzi anasiya kutuluka, kenako anakwera minibasi kulowera kumudzi kwawo, kumunsi kwa mtsinjewo.

Anapeza mchimwene wake Cirilo ali m'munda wa nyemba, khasu m'manja, madzi akuyenda m'mizere.

"Ha, achemwali! Lero mwakumbuka kuti muli ndi abale? Tengani khasu apo."

"Tsekani ngalande, achimwene. Uzaninso ena. Madziwa aipa kuyambira Loweruka."

Cirilo anayang'ana munda wake. Anali atayamba kuthirira dzulo lake. Anaponya zibuma pakamwa pa ngalande, n'kuziponda ndi phazi.

"Si inu munaimirira pamsonkhano paja kutiuza kuti tizilombo tanu sititopa? Anthu anavomera chigayochi chifukwa cha inu, mwana wa pano."

Nemesia anatembenuka n'kubwerera ku maiwe.

Chigayo chinaima masiku asanu ndi limodzi. Antchito ankamudutsa osamupatsa moni, ndipo mkamwini wake analeka kubwera kudzadya Lamlungu. Eni chigayo sanamuchotse ntchito, pakuti panalibe wina wodziwa maiwewo ngati iye. Pangodya ina ya dziwe lachitatu anapeza matope ochepa omwe anali akadali akuda. Anawatapa m'zidebe, n'kuwasakaniza ndi ndowe zatsopano kuti tizilombo tiswane. Koma kuphiriko n'kozizira, ndipo katswiri wochokera mumzinda anati patenga miyezi iwiri kapena itatu. Chigayo chinayambiranso ndi miyala yakale, madzi ake akuwayeretsa ndi laimu m'malo mwa tizilombo.

Kumudzi nyemba za Cirilo zinachita chikasu kuyambira m'munsi, ndipo anazizula zonse. Mbatatesi zomwe zinali kumapeto kwa munda zinapirira, masamba ake obiriwira bwino.

Itafika nthawi yokolola, Cirilo anatulukira pa maiwe atasenza kathumba. Sanakhale pansi. Anamasula kathumbako n'kutulutsa mbatatesi imodzi yaikulu, yosalala.

"Inu mumayeza zinthu," anatero. "Ndiuzeni. Izi ana adye?"

Nemesia anaitembenuzatembenuza m'manja kwa nthawi yaitali.

"Sindikudziwa, achimwene. Choyezera changa n'cha madzi okha. Zisiyeni, ndipita nazo mumzinda Lachisanu."

"Nanga kufikira Lachisanulo?"

"Asadye."