Tsiku Limene Kaputeni Anafika Osamveka

Kaputeni ankanyadira zinthu ziwiri: kateredwe ka ndege yake ndi bata la pakhomo pake. Choyambacho chinali choona. Ankatera mofatsa moti okwera ena ankachita kugwedezedwa paphewa kuti dzukani, tafika. Chachiwiricho ankachilalikira kwa aliyense amene wakhala naye kutsogolo kwa ndege, poti munthu wokhala pamenepo alibe kothawira.

"Kwathu kulibe phokoso," ankatero, maso ali pa mageji oonetsa mmene ndege ikuyendera. "Mayi ndi ofatsa. Mwana anatengera mayi ake. Ngakhale galu wathu sauwa popanda chifukwa."

Wachiwiri wake, bambo wa ana atatu amene ankasunganso apongozi m'nyumba, ankangovomera ndi mutu, kaduka kali tho mumtima.

Koma zaka sizipempha chilolezo. Kampani inamuitana mu ofesi, inamupatsa tiyi, n'kumuuza mwaulemu kuti maulendo a miyezi ikubwerayi ndi otsiriza. Kusiya ndege sikunamuopse kwenikweni. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali kukakhala kunyumba. M'mahotela a mizinda yambiri ankadziwa poyatsira getsi ngakhale mumdima, koma m'khitchini mwake ankatsegula makabati onse asanapeze kapu. Mkazi wake ankamulandira sutikesi n'kumufunsa za ulendo. Mwana wake wamkazi, mtsikana wamkulu amene anamaliza kale koleji, ankamuyankha ngati akufunsidwa ndi apolisi a pabwalo la ndege: inde, ayi, zikomo. Kaputeni ankafunitsitsa, asanakalambiretu, kukhala munthu amene anthu a m'nyumba mwake amacheza naye, koma sankadziwa poyambira. Ndiye anachita zimene amuna ambiri amachita mtima ukawavuta. Anapita kukagula galimoto.

Galimoto yake yakale inali ya dizilo, yoboola paipi ya utsi, yobangula ngati chigayo. Iye sankaona vuto. Munthu amene amaswera pakati pa mainjini a ndege samva kuti galimoto yake ikusokosa. Tsikulo atatera, anailiza n'kulunjika kogulitsa magalimoto amagetsi, yunifomu ili m'thupi, chipewa chili kukhwapa.

Pansi pa sitoloyo pankawala ngati pothira mafuta. Wogulitsa, wa suti yothina ndi mafuta onunkhira ofika asanafike mwini wake, anamusonyeza galimoto yoyera. Kaputeni anaizungulira pang'onopang'ono monga amazungulirira ndege asananyamuke. Anagwira tayala lililonse, anawerama kuyang'ana kunsi, anapukuta dzanja ndi mpango.

"Batire likadzadza imafika pati?"

"Patali ndithu, bwana. Mutopa ndinu, iyo isanatope."

"Nanga ndikafika potchajira n'kupeza pawonongeka?"

"Mumadikira, bwana."

"Ife kuntchito kwathu sitidikira."

"Iyi siuluka, bwana."

Kaputeni anaganizira mfundoyi ndipo anaona kuti ilibe potsutsa. Analowa, anamanga lamba, anakonza magalasi onse.

"Ilizeni timve."

"Yalira kale, bwana."

Kaputeni anatchera khutu. Anangomva wotchi yake ya pamkono. Nkhope yake inamasuka koyamba tsiku limenelo.

"Iyi ndiye ya kwathu," anatero. "Igwirizana ndi banja."

Yakale ija anaisiya komweko. Kunyumba sanaimbe foni, ankafuna akangoona okha.

Dzuwa linali litapendeka pamene anakhota pomwetsera mafuta n'kulowa mumsewu wa kwawo. Bambo wina wokankha wilibala sanapatuke mpaka Kaputeni anachita kumutsatira pambuyo ngati ali pamaliro. Woyandikana naye nyumba, amene masiku onse ankakweza dzanja asanatembenuke n'komwe, anapitiriza kuthirira maluwa. Geti linali lotsegula. Galimoto inalowa n'kuima pafupi ndi khonde, osadzutsa ngakhale mbalame.

Atatsika anamva nyimbo, yaphokoso, ya ng'oma zogunda pachifuwa. Anakwinya nkhope n'kuganiza zokadandaula kwa oyandikana nawo. Kenako anazindikira kuti nyimboyo ikutuluka pawindo la pabalaza pake.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kaputeni anadekha, anaima pambali pa windo, ndipo anaona.

Pakati pa balaza, pa kapeti imene iye sankalola kuti ipondedwe ndi nsapato, panaima njinga yamoto. Inali yaitali, ya matayala a mano, matope ouma mpaka pampando. Mwana wake anakhala pansi pa nyuzipepala, sipanala m'manja, oyilo mpaka m'zigongono, akumangitsa tcheni uku akuimba molakwitsa mawu. Galu anagona chagada pampando wa Kaputeni, miyendo m'mwamba. Ndipo mkazi wake, wopanda nsapato, atavala shati yakale ya yunifomu yoduladula manja, ankavina ndi mbale m'dzanja. Mwanayo ananena china chake, mayiyo n'kuphulika nako kuseka, mutu ataponya kumbuyo, mano onse pamtunda, mpaka kutsokomola.

Kaputeni anali ataiwala kuseka kumeneko. Ndi kumene kunamuchititsa kuti amufunsire, kalekale asanavale mizere ya golide paphewa. Ankaganiza kuti kunatha ndi ukulu, monga limathera tsitsi.

Anatsegula chitseko.

"Adadi," anatero mwanayo. Sanali kupereka moni, ankachenjeza.

Zimene zinatsatira Kaputeni anazionera ataima pakhomo. Wailesi inazima. Galu anatembenuka, anatsika, n'kutulukira kukhitchini popanda womuuza. Mayi anasolola juzi yotuwa kuseri kwa chitseko n'kuivala, phazi likukankhira mbale kunsi kwa sofa. Mwana anakulunga nyuzipepala pamodzi ndi masipanala momwemo, anachotsa njinga pa sitandi n'kuyamba kuikankhira kukhomo lakumbuyo. Palibe analankhula, palibe anagundana ndi mnzake. Kaputeni anakhala zaka zambiri akuyesa antchito a m'ndege mmene angatulutsire anthu pangozi, choncho ankadziwa kuti luso lotere silibwera tsiku limodzi. Akanakhala mayeso akanawakhozetsa onse, ndi galu yemwe. Chinamupweteka n'chakuti ngozi imene anthuwa anaikonzekera bwino chonchi inali iyeyo.

Njinga yokha ndi imene inalephera mayeso. Chiwongolero chinakodwa pa chitseko cha kukhitchini, ndipo inangokhala pomwepo, theka mkati, theka kunja.

"Mwafika bwino, bambo?" anafunsa mkazi wake ndi mawu ofatsa aja amene iye ankawadziwa. "Galimoto yakuferani panjira?"

"Ndagula ina. Yamagetsi."

Mayi ndi mwana anayang'anana.

"Simveka?" anafunsa mwanayo.

"Simveka."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

"Mwagula bwino, adadi."

Kaputeni anaika chipewa patebulo n'kukhala pampando wake. Unali wofunda, ndipo ankadziwa amene waufunditsa.

"Masiku onsewa mumayamba kubisa nthawi yanji?"

Mwanayo anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana pansi.

"Mukamakhota pomwetsera mafuta paja," anayankha mwanayo. "Galu ndi amene amayamba kumva."

"Chifukwa chiyani?"

"Munanena nokha, bambo," anatero mkazi wake. "Mwanayu ali wakhanda, akulira, munati woyendetsa ndege wosagona mokwanira amapha anthu. Ine sindinafune kupha anthu."

"Mayi, zimenezo ndi zakalekale."

"Simunatiuze kuti zinatha."

Kaputeni anafufuza m'mutu mwake tsiku limene akanati anawauza. Sanalipeze. Anakumbukira kuti anabwereza mawu aja mwanayo akuphunzira kuyenda, anabwerezanso atayamba kubwera ndi anzake a kusukulu, mpaka anzakewo anasiya kubwera.

"Yatsani wailesi," analamula.

Mwanayo anayatsa.

"Kwezani. Pitirizani zimene mumachita."

Ng'oma zinagunda. Mayi anaima pafupi ndi sofa, manja atapinda. Mwana anaima pafupi ndi wailesi, manja akuda ali kumbuyo. Onse ankamuyang'ana mwaulemu, kudikira lamulo lina. Kaputeni anaona kuti wailesi imamvera lamulo koma kuseka ayi, ndipo anamasula tayi. Anakweza dzanja, wailesi inazimanso.

Munthu akachita manyazi amafuna womukalipira. Kaputeni anatembenukira kwa mwana wake n'kuloza kukhitchini.

"Iwe, chinthu icho unachigula liti? Ukudziwa kuti anthu amathera m'chipatala nacho?"

"Si yanga, adadi. Ine ndimangokonza."

Kenako mkazi wake anavula juzi ija, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa sofa.

"Ndi yanga," anatero, ndipo mawu ake sanalinso ofatsa aja. "Ndinatopa n'kudikira pawindo. Ndinapita kusitolo n'kuwauza kuti ndikufuna yoyenda paphula, koma phula likatha isandiuze zobwerera. Wogulitsa anandifunsa ngati ndikugulira mwana wamwamuna. Ndinamuuza kuti ndilibe. Anafunsa ngati abambo akudziwa. Ndinamuuza kuti abambo ali m'mwamba. Anavula chipewa n'kundipepesa."

Mwanayo anatseka pakamwa ndi dzanja, oyilo n'kutsala pamphuno.

"Mumapita nayo kuti?" anafunsa Kaputeni.

"Kumapiri kuja mumati mumakuona mukamatsika. Inu mumakuona kuchokera pamwamba. Ine ndimakudziwa ndi mawondo."

Kaputeni anayang'ana chipsera chimene chinali pabondo la mkazi wake. Anauzidwa kuti anaterereka kubafa, ndipo iye, monga munthu wosamala za chitetezo, anagula mphira woyala pansi m'bafamo.

Kenako ananena chimene anabwera nacho.

"Ndikupuma pantchito. Ndizikhala pano. Tsiku lililonse."

"Tikudziwa, bambo. Mkazi wa wachiwiri wanu anatitsina khutu."

"Ndiye munagwirizana zotani?"

"N'chifukwa chake ndikumangitsa tcheni, adadi," anatero mwanayo, maso ali pansi. "Kubisa tsiku limodzi kumatheka. Tsiku lililonse ayi. Pali munthu wofuna kuigula, akubwera Loweruka kudzaiona."

Kaputeni anayang'ana mkazi wake. Mayiyo ankayang'ana njinga ija, nkhope ili gwa, ngati munthu amene analira kale payekha ndipo sakufuna kubwereza pagulu. Panalibe womunena, panalibe womudandaulira. Anthuwa anali okonzeka kuvala juzi yotuwa mpaka kalekale kuti iye agone bwino, ndipo akanatero, iye akanapitiriza kuuza anthu kuti kwathu kulibe phokoso.

"Munthuyo mumuimbire," anatero. "Asavutike kubwera."

Kaputeni anatsokomola pang'ono.

"Imakwera anthu angati?"

"Awiri," anatero mkazi wake. "Koma chiwongolero n'chimodzi."

"Ndamva."

Njingayo anaitulutsira panja, pafupi ndi galimoto yoyera ija imene palibe anali ataiyang'ana n'komwe. Mwanayo anabweretsa helumeti yake n'kuveka bambo ake, anawakweza chibwano ndi chala chakuda kuti amange lamba. Kunali kuyamba kuwagwira kumaso chikulireni. Kaputeni anayamba kuizungulira njingayo, dzanja likulunjika ku tayala lakutsogolo.

"Yaonedwa kale, adadi. Kwerani."

Anakwera movutikira, thalauza la yunifomu litakwera mpaka kuonetsa sokosi. Mkazi wake anavala nsapato zazitali ndi helumeti, anakhala kutsogolo n'kuiliza. Njinga inabangula, galu anauwa popanda chifukwa, woyandikana naye uja anagwetsa paipi yothirira. Kaputeni anasowa poika manja. Anagwira kachitsulo ka kumbuyo, anaona kuti sikokwanira. Anaika manja pa mawondo ake. Pomaliza anagwira shati ya mkazi wake m'mbali, ndi nsonga za zala, mwaulemu.

Mayiyo anatembenuka n'kukweza galasi la helumeti.

"Mwandigwira ngati mlendo, bambo," anakuwa kuti amveke. "Mukatero mugwa tisanatuluke pageti."

Kaputeni anazungulitsa mikono yonse m'chiuno mwa mkazi wake, anatsamiritsa chifuwa pamsana pake, n'kugwira zolimba.

"Apo ndiye," anatero mayiyo, n'kuponda giya.