Dzanja Lomwe Linamangidwa ku Mpando

Auke Wiersma anafika ku chipatala cha manja nthawi isanakwane, ndiye kukhala pansi kunamukanika. Akhale pampando, adzuke. Apite pazenera, abwerere. Khofi anatunga n'kuiwala pomwe waika kapu. Munthu wa zaka 61, ndevu zili mbuu, koma kuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Pazenerapo doko linkaoneka bwinobwino. Sitima yowolotsa anthu kupita ku chilumba inali ikulowa, ndipo kutsogolo kwake kunaima Douwe, mnzake wa zaka makumi atatu pantchito, chingwe chili m'manja. Pambali pake ndiye panali malo a Auke. Mu Januwale anaterereka pa madzi oundana m'sitimamo n'kuthyoka dzanja lamanzere pamfundo. Chikhakha chinachoka, miyezi inayi inatha, ndipo dokotala wa kampani ananena mosapita m'mbali: dzanjalo likapanda kufika pa mlingo lero, Auke azikagulitsa matikiti kuseri kwa galasi mpaka adzapume pantchito. Galasi limenelo ankaliopa kuposa namondwe.

Kunyumba mkazi wake Tjitske anali atatopa naye. Chilichonse chogwera m'dzanja lake Auke ankachifinya kuti alilimbitse: kampira, mbatata, ngakhale tchizi cha patebulo.

"Mukalephera mukagone ku doko komweko, bambo," anatero m'mawa uja. "Matimati anga onse mwawasandutsa phala."

Chitseko chinatseguka. Anali Marrit, mayi wachichepere yemwe ankamulimbitsa dzanja miyezi yonseyi.

"Bambo Wiersma, lowani musanatikumbire ngalande pakapeti."

Anamukhazika monga mwa masiku onse. Msana chilili, phewa lisakwere, chigongono chipanire m'nthiti ngati wasunga nyuzipepala. Kenako anamupatsa chitsulo choyezera mphamvu chija, chokhala ndi chogwirira ndi kasingano ngati ka wotchi.

"Finyani. Kwambiri, kwambiri. Basi, pumani."

Katatu kumanja, katatu kumanzere. Lamanja linapereka makilogalamu 44. Lamanzere linati 38, kenako 40, kenako 39, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anayezanso kutsina, chala chachikulu ndi cholozera zitapana kachitsulo ngati munthu akutembenuza kiyi. Marrit analemba pakompyuta: mwamuna, zaka 61, msinkhu wakutiwakuti. Makinawo ndiwo amanena kuti munthu wabwinobwino wotere ayenera kufinya zingati.

"Mzere womwe muyenera kufika ndi 38," anatero Marrit. "Inu mwapeza 39. Mwadutsa."

Auke mtima unakhala pansi, mpaka anaseka. Koma pakamwa pa munthu, abale, sipakhala chete pomwe payenera kutero.

"Zoona 38 yokha, mayi? Kale dzanja ili linkaswa mtedza wouma."

"N'chifukwa choti ndi lothandizira chabe. Likanakhala lomwe mumadalira, mzere ukanakhala 43. Koma inu ndinu wamanja. Si tsiku loyamba lija ndinakufunsani kuti mumalembera dzanja liti?"

Anamufunsadi, ndipo iye sananame. Amalembera lamanja. Chomwe Marrit sakanadziwa, poti anabadwa zimenezo zitatha kalekale, n'chakuti kusukulu ya kumudzi kwa Auke mphunzitsi ankamangirira dzanja lake lamanzere ku mpando ndi lamba, mpaka lamanja linaphunzira cholembera mokakamizika. Cholembera chokha basi. Mpeni, hamala, lumo lometera, zonse n'zakumanzere. Ndipo chingwe cha sitima wachiponya ndi kuchikoka ndi lamanzere zaka 38.

Anasaina ndi lamanja, napinda pepala, natuluka mwachangu ngati wakuba.

Kunyumba sanapite. Anakwera njinga, anatsikanso, anaikankha mpaka ku doko. M'njira monse ankadzitsutsa yekha. Ndanama kodi? Ayi. Makina ndi awo, funso ndi lawo. Makilogalamu anayi n'chiyani? Pofika Juni adzabwerera okha. Pepalalo analitulutsa m'thumba kawiri n'kulibwezamo.

Kunali kamphepo ndi mvula yowaza. Sitima inali itakocheza, magalimoto akutuluka. Douwe, ali pamwamba m'sitimamo, anamuona.

"Taonani bwanamkubwa wa matikiti. Mwabwera kudzayeza mpando, mdala?"

"Mpandowo ukhalepo ndiwe. Lolemba ndikubwera kudzakuphunzitsa ntchito." Anakweza pepala lija m'mwamba.

"Ndiye tionetse. Chingwe chakumbuyochi chikufuna kuwonjezera china, madzi akukwera."

Douwe anaponya kachingwe kotsogolera. Auke sanaganize n'komwe: dzanja lamanzere linatuluka lokha n'kukawakha m'malere. Kukoma kwake. Anayamba kukoka chingwe chachikulu, chonyowa, cholemera, chonunkha mchere, ndipo anamva ngati wabwerera kwawo.

Kenako funde linakankha sitima pang'ono chabe, monga limachitira tsiku lililonse. Chingwe chinakungika. Zala zinatseguka zokha, osauzidwa ndi munthu. Chingwe chinathamanga m'chikhatho n'kumuwotcha, ndipo m'sitima muja mkombero wa chingwe chokulungidwa pansi unafwamphuka n'kukwapula nsonga ya jombo ya Douwe. Auke anachigwira ndi manja awiri, nachikoleka pachitsulo.

Douwe sanaone kanthu. Ankaseka, akuyang'ana magalimoto.

"Udakalipo ndithu, nkhalamba. Tionana Lolemba."

Auke anayesa kuseka, zinakanika. Amene wagwira zingwe zaka zonsezo amadziwa chomwe mkombero umachita ukapeza mwendo mkati mwake. Phazi la Douwe linatsala pang'ono ngati utali wa chala. Ndipo lero kunali kamphepo chabe. Mantha anamugwira, ndi manyazi omwe, ndi ukali wosadziwa aulozetse kwa yani, kwa mphunzitsi yemwe anafa kalekale kapena kwa zala zake.

Anazungulira nyumba ya matikiti kawiri. Mkati munali mpando wozungulira ndi kazenera kolankhulirapo. Anaiyang'anitsitsa, natukwana chamumtima, natenga njinga.

Ku chipatala kuja anapeza Marrit akudya buledi wake wa masana patebulo.

"Mwaiwala chiyani, bambo Wiersma?"

"Munandifunsa molakwika, mayi. Inenso ndinayankha mochenjera." Anaika pepala patebulo, naikapo dzanja lamanzere chagada, mzere wofiira wa chingwe ukuoneka. "Lolembera ndi ilo. Logwirira ntchito ndi ili. Ndine wamanzere. Anachita kundimanga ndili mwana."

Marrit anaika buledi pansi.

"Mukudziwa zomwe zichitike ndikasintha?"

"Ndikudziwa. Sinthani ndisanasinthe maganizo ine."

Anasintha mawu amodzi okha pakompyuta. Nambala ija 39, yomwe inali yobiriwira, inafiira. Pepala lina linatuluka m'makina, lofunda.

"Ndilembera dokotala kuti tiyezenso pakatha miyezi itatu," anatero Marrit. "Koma sindikulonjezani kuti avomera, kapena kuti dzanjali lidzafika."

"Musalonjeze."

Anamupatsa cholembera. Auke anachilandira ndi lamanja monga mwa chizolowezi, kenako anaima. Anachisamutsira kumanzere. Zala zinachipana movutikira, ndipo dzina linatuluka lokhotakhota, zilembo zikuluzikulu zogwerana ngati za mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Analiyang'ana, maso anadzaza misozi, ndipo sanaibise.

Ku doko sitima inaliza lipenga lonyamukira. Auke sanapite pazenera.