Towela ndi Timibulu ta Phula

Towela atawerenga kalata ina pa kompyuta anakuwa mpaka Chishimba, mnzake wa pa desiki yoyandikana, anatayira tiyi pa mapepala.

"Shani iwe? Wawina chani?"

"Niyenda ku Mombasa, ba Chishimba! Pa ndege! Ku nyanja!"

Towela anali atagwira zaka zisanu mu ofesi yoona za chilengedwe m'tauni ya Lusaka, ndipo ntchito yake inali kuyendera magalaji n'kufunsa amakanika kumene amataya oilo wakutha. Tsopano anali atasankhidwa kupita ku msonkhano wokambirana za phula loipitsa magombe. Mafuta akatayika m'nyanja, dzuwa ndi mafunde zimawaumitsa mpaka asanduke timibulu takuda tonga ndowe za mbuzi, kenako madzi amatilavulira pamchenga.

Chishimba anasuzumira kalatayo. "Apa alemba kuti aliyense akambe mmene dziko lake lilimbanira na vuto iyi. Ise gombe tilibe. Uzakamba chani?"

Anayang'anizana, kenako onse awiri anaphulika kuseka.

Mu minibasi ya ku Kabwata anauza mayi wina wonyamula tomato za ulendowo, mayiyo n'kumuombera m'manja. Atafika kunyumba anapeza bambo ake, a Abson, akuthirira repu kuseri, ndipo anawafotokozera zonse. Mkuluyu anayendetsa galimoto za mafuta pa msewu wa ku Dar es Salaam zaka makumi awiri asanapume.

"Phula limenelo ndilidziwa," anatero a Abson. "Linandimata kumapazi pa gombe, ndinachita kuchotsa ndi saladi, mafuta ophikira aja. Koma iwe ukuti ulibe chokamba? Mawa uvale nsapato zakutha."

M'mawa mwake anakwera basi mpaka ku Heavy Industrial Area, dera la mafakitale. A Abson anamutsogolera kuseri kwa bwalo lina lotsukirapo magalimoto akuluakulu, kumene kunali ngalande youma. Towela anazolowera kuwerenga migolo ya oilo m'kati mwa mipanda, koma m'ngalande anali asanatsikemo. Atatsika anaona pansi pali biii, timibulu takuda tosakanikirana ndi mchenga, tina tolimba ngati miyala, tina tofewa ndi dzuwa la Okutobala.

"Atate! Ndi tomwe tija ta pa zithunzi za m'kalata ija!"

"Nanga mvula ikagwa madzi apa apita kuti?"

"Kumtsinje."

"Mtsinjewo?"

"Ku Kafue. Kafue ku Zambezi. Zambezi..." Towela anagwira pakamwa. "Atate, ku nyanja!"

Anadumpha ndi chimwemwe, koma nsapato ya kumanzere inakana, inatsala m'phula. Iye anapepesuka, n'kukhala pansi phwata, pomwe panali pofewetsetsa. A Abson anaseka mpaka kutsokomola, atagwira mpanda. Towela nayenso ankalephera kudzuka chifukwa cha phwete.

Phokosolo linatulutsa mwini bwalo, bambo wamfupi wotchedwa Amock. Atazindikira kuti mayi ali m'ngalandeyo ndi wa ku ofesi uja, nkhope inagwa.

"Ba madamu, lelo ni Chiwelu. Mwabwela kutitsekela?"

"Iyai, ba Amock. Nipatsenkoni botolo. Koma Mande nizabwela na mapepala, tikambe bwino za madzi yamene mutayila muno."

Amock anathamanga n'kubwera ndi botolo la mayonezi, sopo ndi katoni yoti akhalire m'basi. Towela anadzaza botololo akuimba nyimbo ya kwaya, bambo ake akumulozera timibulu tonenepa.

Patapita milungu itatu anaima ku Mombasa pamaso pa anthu a m'mayiko a m'mbali mwa nyanja. Anaika botolo patebulo pafupi ndi lina limene anatola pa gombe dzulo lake, n'kuwapempha kuti anene la ku Lusaka ndi liti. Ambiri analephera. Iye sananame kuti phula lonse la m'magombe limachokera kumtunda; anangonena kuti mafuta otayidwa m'ngalande nawonso ali ndi njira yawo. Pomaliza msonkhano, m'mfundo zomwe anagwirizana analembamo yakuti mayiko opanda gombe azisamala oilo wolowa m'mitsinje.

Atabwerako anapita kwa Amock. Anapeza dzenje latsopano la simenti, logawidwa pakati, lotchinga oilo kuti madzi okha azidutsa. Amock anaima pambali pake atavala shati yoyera.

"Manje ba madamu, kuja ku Mombasa dzina langa munalichula?"

"Sininachule. Ninangokamba kuti kuli bwalo ina yake."

"Ah!" Amock anakhumudwa zenizeni. "Ulendo wina mukachule. Mukambe na za mugodi uyu, muwauze kuti ninakumba neka."

Towela anatulutsa foni kuti ajambule dzenjelo. Amock anati adikire kaye, akapese tsitsi.